Transmitter yanu ilibe vuto achimwene, kuno ku Joni madzi sawira pa 100

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wakwathu amene akuphunzira ntchito pa fakitale ina ku Germiston. Kapitawo anamupatsa transmitter yatsopano yoyezera kutentha (chipangizo chowerenga sensa n'kutumiza muyezo ku kompyuta ya fakitale), pamodzi ndi sensa ya Pt100 (kachitsulo komva kutentha), kuti akaziike pa paipi ya madzi otentha. Iye anaganiza zoziyesa kaye. Anaviika sensa m'ketulo ya madzi owira, koma chipangizocho chinangoonetsa madigiri 94. Funso lake: "Kodi ndichibweze kwa ogulitsa?"

Ayi achimwene, musabweze. Mzinda wa Johannesburg uli pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndiye madzi amawira asanafike pa 100. Amawira cha pa 94. Ketulo yomweyo mutapita nayo ku Durban, mungapeze 100 amene mukumufunayo. Choncho chipangizo chanu chinanena zoona.

Ngati mukufuna kuyesa modalirika popanda zida zodula, gwiritsani ntchito ayezi. Mphwanyeni bwino, dzazani m'kapu, thiranimo madzi pang'ono, takasani, kenako viikanimo sensa ndipo mudikire. Pamenepo ndi pa 0, kaya muli ku Germiston kaya ku Nsanje. Mukaika mita yoyezera magetsi pa mawaya a Pt100 ili m'ayezimo muyenera kupeza ma ohm 100 (ohm ndi muyezo wa mmene chinthu chimakanira magetsi kudutsa). M'ketulo ija mukanapeza cha pa 136, pomwe pa madigiri 100 enieni imapereka 138.5.

Tsono pokaika pa paipi m'pamene anthu ambiri timalakwitsa. Musayambe opanda chilolezo cha ntchito, ndipo loko yanu ikhale pa switchi. Sensa siilowa m'madzi yokha, imakhala m'kati mwa thermowell, kachitsulo ka mphako kotseka kunsonga kamene kamalowa m'paipi. Nsonga ya sensa iyenera kugunda pansi penipeni pa thermowell. Ine ndinavutikapo tsiku lonse pa fakitale ina, PLC (kompyuta yoyendetsa makina) ikuonetsa kutentha kotsika, ndikumasula mawaya uku ndi uku. Madzulo nditasolola sensa ndinaona kuti ndi yaifupi, inkangolendewera m'mwamba n'kumayeza mpweya wa m'kachitsulomo. Manyazi ake!

Onetsetsaninso kuti thermowell yalowa mokwanira m'madzi oyendawo, osangoti nsonga yokha pafupi ndi khoma la paipi.

Za mawaya: ngati transmitter ili patali ndi sensa, lumikizani mawaya atatu kapena anayi, osati awiri. Pt100 imasintha ma ohm 0.385 okha pa digiri iliyonse, ndiye ohm imodzi ya waya wautali imawonjezera madigiri oposa awiri ndi theka abodza. Waya wachitatu ndi wochotsera bodza limenelo. Ndipo muiuze transmitter kuti mwalumikiza angati, chifukwa siilota.

Kenako range, kutanthauza malire a kutentha amene transmitter imawatumiza ku PLC ngati magetsi a 4 mpaka 20 mA (milliamp). Ngati mwaika 0 mpaka 150, ndiye kuti 4 mA ndi 0 ndipo 20 mA ndi 150. Wa ku PLC naye aike chimodzimodzi. Akaika 0 mpaka 100, nonse mukhala mukulozana zala pomwe chipangizo chili bwinobwino. Mukamagwiritsa ntchito HART (njira yolankhulana ndi transmitter kudzera pa mawaya ake), pa loop, kutanthauza mawaya a 4 mpaka 20 mA aja, pakhale resistor ya ma ohm 250, apo ayi communicator yanu, kachipangizo kam'manja kosinthira transmitter, ingokhala chete. Mukaona 3.6 mA kapena kutsika, kapena 21 mA kukwera, nthawi zambiri ndiye kuti sensa yaduka kapena waya wamasuka.

Komanso mukudziwa mvula ya kuno ikayamba cha mu Okutobala, ziphaliwali zake si zamasewera. Shield ya kebulo (chitsulo chopyapyala chokuta mawaya am'kati) muilumikize ku earth mbali imodzi yokha, ku panelo. Gland (polowera kebulo mu transmitter) iloze pansi, kebulo muipinde pang'ono isanalowe kuti madzi azidontha panja, ndipo chivindikiro muchimange mpaka labala agwire. Mukamaliza mundilembere kuti PLC ikuonetsa zingati.