Mlamu wanuyo walakwa, koma musasiye kuonera

Achemwali, nditangowerenga zoti mlamu wanu wakuuzani mathero a sewero la pa TV la Breaking Bad muli pa sizoni 2, mtima wangoti myuu ngati zagwera ine. Musasiye kuonera ayi. Chifukwa chake ndikuuzani, koma mundilole kaye nditulutse mkwiyo, mwanditokosa chilonda chakale.

Ine zinandionekera pa sewero lina, la Game of Thrones. Ndinayamba mochedwa, mu 2016, anzanga onse ali kale pa sizoni 6. Ndinadziikira lamulo: gawo limodzi usiku uliwonse, osathamanga, ndipo chilichonse chotchula seweroli pa intaneti ndinkachithawa ngati mliri. Ndinafika bwinobwino pa gawo la 8 la sizoni 3 osamvako kanthu. Taganizani, gawo la 9 lija linatuluka mu June 2013, dziko lonse linalira nkupukuta misozi, zaka zitatu zathunthu ine makutu ali oyera. Ndinkadzitama nazo.

Ndiye tsiku lina nthawi yopuma kuntchito ndikubwereza kagawo kena pafoni, mahedifoni ali m'makutu. Bambo wina amene tinkakhala ofesi imodzi, dzina ndisunga, anasuzumira paphewa panga, nkundizula hedifoni imodzi. Inde, ndi dzanja lake, m'khutu mwanga. Amvekere, "Aa, mnyamata uyu? Musamukonde kwambiri. Akafera ku ukwati pamodzi ndi mayi ake, mkazi wake yemwe." Anadutsitsa chala pakhosi, nkuseka, nkubwerera pampando pake kukayasamula. Ine ndinangoti kakasi, hedifoni ikulendewera, anthu pafonipo akuyankhulabe.

Amene simunaonere pepani, ndaona kuti nanenso ndachita zomwezo. Koma papita zaka zambiri, musandidye.

Usiku womwewo ndinaonera gawo la 9 lija, ndipo apa ndi pamene pamandiwawa mpaka lero. Gawo limenelija analikonza mokunyengerera. Anthu akudya, akumwa, akuseka, mkwati wapita, iwe nkupuma kuti basi mkangano watha. Kenako munthu wina akutseka chitseko pang'onopang'ono. Oimba aja akusintha nyimbo nkuyamba ya adani awo. Mayi uja akutembenuka, nkhope ikusintha, akukweza mkono wa malaya a munthu amene wakhala naye pafupi nkupeza chovala chachitsulo cha kunkhondo mkati. Pamenepo m'mimba mumayenera kuzizira. Anzanga amati ena anakuwa, ena anaponya rimoti. Ine ndinangokhala ngati munthu wodikira basi yomwe akudziwa nthawi yake, ndikuti eya, chitseko icho, eya, nyimbo iyo, tsopano ayambe. Mayina atayamba kudutsa kumapeto, popanda nyimbo iliyonse, chete amene uja anayenera kundiphwanya. M'malo mwake m'mutu mwanga munali chala cha bambo uja chikudutsa pakhosi. Zonse zinangoti zii. Ndinatseka laputopu nkulira, osati chifukwa cha omwalirawo, koma ukali.

Chomwe chinandimaliza ndinachimva m'mawa mwake. Munthuyo sanaonerepo ngakhale gawo limodzi! Ankangowerenga pa intaneti zimene zachitika kuti azioneka wodziwa zinthu pakati pa anthu. Nditamufunsa chifukwa chake anachita zimenezo, akuti, "Ndi sewero chabe mayi, anthuwo ali moyo, akudya ndalama zawo." Ndani anamuuza kuti ndikuganiza kuti anafadi? Anthu otere vuto lawo si kuiwala ayi. Amaona kuti chinthu chikukusangalatsa, ndiye chimawayabwa mpaka achiboole. Sindinamuyankhule miyezi iwiri kupatula za ntchito, ndipo sindikudandaula. Nyimbo ija ndinali nditaiika pafoni chifukwa imandikoma, koma ndinaifufuta, ikangoyamba ndimaona mano ake.

Tsono za inu. Breaking Bad sanaimange pa kudzidzimutsa ngati mmene analili gawo langa lija. Gawo loyamba lenileni, la mu 2008, likukuuzani kale kuti mphunzitsi wa kemisitale uja, mwini nkhani, wangokwanitsa zaka 50 ndipo ali ndi khansa ya m'mapapo yosatheka kuchita opaleshoni. Kumene akulowera mukukuona kuyambira tsiku loyamba. Chokoma chake ndi kuona munthu wofatsa, wonyozeka pakhomo pake, akusanduka chilombo pang'onopang'ono, iye nkumadzinamiza kuti akuchitira banja. Zimenezo mlamu wanu sangakulandeni ndi chiganizo chimodzi. Magawo onse alipo 62, inu simunafike ngakhale pa theka. Ine ndinaionera ndikudziwa kale mathero, koma gawo la 14 la sizoni 5 linandisiya ndili chiimire pakati pa chipinda, manja ali m'mutu.

Ndipo ndinene zoona, ngakhale zikumveka ngati ndikudzitsutsa. Mu 2019 ndinadzitsekera kwambiri kuposa kale. Facebook ndinaichotsa pafoni, magulu onse ndinawatontholetsa, kuti sizoni 8 ya Game of Thrones ndiione ndi maso atsopano. Magawo 6 okha, othamanga ngati pali wowathamangitsa, anthu amene anawamanga zaka zonsezo akusintha khalidwe usiku umodzi, mpaka kapu ya khofi kuiwalika patebulo mu gawo la 4. Anthu oposa 1 miliyoni anasaina pempho pa intaneti loti sizoniyo aikonzenso. Gawo lomaliza litatha mu May, ndinakhala phee nkumalakalaka pakanapezeka wina wondiuza msanga kuti ndisaike mtima wonse. Pamenepo bambo uja sanaoneke.

Ndiye malangizo anga ndi awa. Mlamu wanuyo musamuuzenso chimene mukuonera, akafunsa muziti palibe. Magulu a seweroli tulukanimo kaye, ndemanga za pa YouTube osazitsegula, ngakhale pansi pa nyimbo za m'sewerolo, chifukwa anthu amalemba momwemo amene wafa. Kumbukirani mmene nyimbo ya Kate Bush ya mu 1985 inabwererera mu 2022 chifukwa cha sewero la Stranger Things, mpaka kufika pa nambala 1 ku UK. Tizidutswa ta pamene nyimboyo ikumveka m'sewerolo tinali ponseponse, ambiri tinationa tisanafike pa gawolo. Komabe musanayambe sewero lina lalitali, funsani munthu mmodzi wodalirika ngati limatha bwino. Kaya akuuzeni pang'ono zomwe zimachitika, palibe vuto, kusiyana nkutaya magawo 73 ngati ine.

Masiku amene mtima watopa ndimathawira ku makatuni. The Simpsons yakhala ikuonetsedwa kuyambira 1989, ngakhale kwa ine zokoma zenizeni zinathera m'masizoni 10 oyambirira, tikanganenso tsiku lina. Kumeneko palibe angakuonongereni kanthu: nyumba ipse lero, mawa ili chilili, khanda la m'banjamo likuyamwabe kanthu kake kaja.

Mukafika pa gawo la 14 lija mudzandiitane pano, ndili ndi zambiri zoti tikambe. Mlamuyo asadzaone.