Mwana wa zaka ziwiri sakuyankhula: tidikire kapena tipite naye kuchipatala?

Mayi wina wa ku Luchenza wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mawu amene amatchula ndi 'mama' ndi 'ayi' basi. Akafuna madzi amandikoka chitenje mpaka pa ndowa. Apongozi akuti ana aamuna amachedwa, bambo akenso anachedwa, ndiye ndisataye ndalama ya minibasi. Ndidikire?"

Mayi, musadikire. Pitani naye.

Apongozi anu sakunama kwenikweni. Alipo ana ochedwa amene amadzatsegula pakamwa okha, ndipo kuchedwa kuyankhula kumayendadi m'banja. Vuto ndi lakuti titakhala pakhonde sitingathe kusiyanitsa mwana wongochedwa ndi mwana amene sakumva bwino. Onse awiri amaloza, onse awiri amakoka chitenje.

Kawirikawiri mwana akamakwanitsa chaka amakhala akubwebweta "ba-ba, ma-ma", amatembenuka mukamuitana dzina, ndipo amaloza chimene akufuna. Pofika zaka ziwiri, ambiri amakhala ndi mawu pafupifupi 50 ndipo amayamba kulumikiza awiri: "mama madzi", "phala latha". Pa zaka zitatu ngakhale mlendo amatolapo zambiri zimene mwanayo akunena. Mawu opotoka amawerengedwanso: akamati "nana" nthawi zonse potanthauza chinanazi, amenewo ndi mawu. Koma wanuyu ali ndi awiri okha, ndiye watsalira kwambiri.

Choyamba kuyeza ndi makutu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene makolo ambiri timapusitsika. Mudzati, "Amamva ameneyu, chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka, njinga yamoto ikadutsa amathamangira kumsewu." Kumva phokoso ndi kumva mawu ndi zinthu ziwiri. Mwana amene khutu lake lili ndi madzi kuseri kwa ng'oma ya m'khutu amamva ngati munthu amene wamiza mutu mu mtsinje wa Thuchila: mabingu angawamve, koma "tenga" ndi "penga" kwa iye n'chimodzimodzi. Angaphunzire bwanji mawu amene sakufika bwino? Ndiponso ana otere amakhala ochenjera ndi maso. Amaona mwanyamula beseni, n'kudziwa kuti ndi nthawi yosamba, inu n'kumati wamva.

Mungayese pakhomo. Imani kumbuyo kwake asakukuonani, mutchule dzina lake motsitsa mawu. Kapena muuzeni kuti "katenge nsapato" manja anu ali phee, osaloza, osayang'anako. Zimene muone mukauze adokotala, koma musati mayeso athera pamenepo.

Kumbukiraninso za m'mbuyo. Kodi anatulukapo mafinya m'khutu? Anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka, kapena matenda oumitsa khosi? Anabadwa masiku asanakwane, kapena anali ndi chikasu chachikulu ali wakhanda? Zonsezi zimatha kuwononga kumva kapena kuchedwetsa kakulidwe, ndipo zambiri zinalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Musalisiye m'chikwama cha pansi pa bedi.

Koyambira ndi kusikelo ya ana kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kumeneko anthu amachuluka, ndipo mukapanda kuyankhula amangoyeza kulemera, n'kulemba, n'kuitana wina. Nenani mosazungulira: "Mwanayu ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi inayi, ali ndi mawu awiri okha, ndikufuna aonedwe makutu." Pemphani akulembereni kuti mupite ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje. Ku Blantyre, pa chipatala cha Queen Elizabeth, kuli gawo loyeza kumva ndi makina, ndipo amayeza ngakhale ana amene sangathe kuyankha. Zikapezeka kuti vuto la kumva ndi lalikulu, si mapeto a maphunziro ake: ku Bvumbwe konkuno kuli sukulu ya ana osamva ya Mountain View.

Makutu akakhala bwino, adokotala amayang'ana zina: ngati mwana amayang'ana anthu m'maso, amasewera ndi anzake, amabweretsa zinthu kudzakuonetsani. Nthawi zina chimapezeka ndi autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulumikizana ndi anthu, nthawi zina kuchedwa chabe. Chimene sichidikira ngakhale sabata ndi mwana amene anali ndi mawu kenako aleka, kapena amene akugwa ngati wa khunyu.

Ziwiri zoti musavutike nazo. Ngati agogo amamuyankhula Chilhomwe inu Chichewa, asiyeni; zilankhulo ziwiri sizitseka mwana pakamwa, ndipo mawu a zilankhulo zonse ziwiri amawerengedwa pamodzi. China, musalole munthu wa m'mudzi kumudula kamnofu ka pansi pa lilime ndi lezala. Si kawirikawiri kamnofuko kukhala chifukwa chochedwera kuyankhula, koma magazi ndi zilonda zimabwera ndithu.

Podikira tsiku la kuchipatala, muziyankhula naye kwambiri, nkhope ikuyang'ana nkhope. Akakukokerani pa ndowa, gwadani, nenani "madzi, ukufuna madzi", dikirani pang'ono, mupatseni. Osamumana kuti mpaka atchule. Zimenezo zimangobala kulira. Ngati mumalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, uzani womusunga azitero, ndipo ngati pafupi pali sukulu ya mkombaphala yomwe ingamulandire, azipita akasewere ndi anzake. Makatuni a pafoni achepe, poti foni siimuyankha mwana.

Apongoziwo musakangane nawo. Apempheni akuperekezeni, chifukwa adokotala adzafunsa za bambo a mwanayu ali aang'ono, ndipo amene angayankhe bwino funso limenelo ndi iwowo.