Kodi kachilombo ka chimfine kamakhala nthawi yaitali bwanji pa chitseko, pa dola ndi mu kombi?

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa, mu mzinda wa Harare, amene amagulitsa matimati ndi masamba, wanditumizira imelo yaitali ndipo ndaifupikitsa. Bambo a kunyumba agona ndi chimfine chadzaoneni, m'nyumba muli khanda la miyezi 4, ndipo apongozi, omwe ali ndi matenda a shuga, akubwera kuchokera ku Lilongwe kudzaona mdzukulu. Mayiwa akupukuta chilichonse ndi Jik, ndipo madola a pamsika akuchita kuwayanika padzuwa chifukwa anawerenga pa WhatsApp kuti kachilombo kamakhala masiku 28 pa ndalama. Akufunsa kuti: "Tizilomboti timafa liti? Nanga chipinda chimene bambo akugonamo, apongozi angalowemo patapita masiku angati?"

Pepani ndi matenda, Mayi. Tiyambe ndi masiku 28 aja, poti ndi amene akukusowetsani tulo. Si bodza ayi. Mu October 2020 akatswiri a bungwe la CSIRO ku Australia anapezadi kachilombo ka korona kali moyo pa galasi, pa chitsulo ndi pa ndalama zamapepala patatha masiku 28. Chimene uthenga wa pa WhatsApp sunakuuzeni ndi chakuti iwo anathira tizilombo tambirimbiri malo amodzi, n'kusunga zinthuzo mumdima, pa madigiri 20 osasinthasintha. Atakweza kutentha kufika pa madigiri 40, kachilomboko sikanapitirire masiku 2. Dola yomwe yadutsa m'manja mwa hwindi, kondakitala wa minibasi ya kombi, n'kukhala m'thumba la epuloni yanu dzuwa lili pamutu, moyo wake ndi wina.

Vairasi ikakhala kunja kwa thupi la munthu siswana. Ikangotuluka m'mphuno imayamba kutha mphamvu, ndipo sizifa zonse nthawi imodzi koma pang'onopang'ono. Kafukufuku wotchuka wa ku America wa mu March 2020 anapeza korona pa pulasitiki ndi pa chitsulo chosachita dzimbiri mpaka maola 72, pa katoni maola 24, pa kopa (mkuwa) maola 4 okha. Koma pa pulasitikipo theka la tizilomboto linkafa pa maola pafupifupi 7 alionse. Werengani nokha: pofika tsiku lachitatu chotsala ndi kanyenyeswa chabe, koti makina a mu labotale amakaona koma n'kovuta kuti kadwalitse munthu. Ndiye mukamva kuti "mpaka masiku akutiakuti", dziwani kuti akunena za wotsiriza kufa, osati gulu lonse.

Chimfine chachikulu chija cha fuluwenza, chomwe mwina ndi chimene chagwetsa bambo, sichilimba choncho. Zinadziwika kalekale, mu 1982, kuti pa chitsulo ndi pa pulasitiki chimakhala maola 24 mpaka 48, pa nsalu, pepala ndi tishu sichipitirira maola 8 mpaka 12, ndipo chikachoka pamenepo n'kumatirira m'manja chimatha pa mphindi 5. Nsalu ndi pepala zimamwa kadonthoko n'kukaumitsa msanga, n'chifukwa chake bulangete si loopsa ngati chogwirira chitseko kapena galasi la foni. Pali kenakake kamene kamasintha zinthu: mamina. Ku Switzerland anayesa fuluwenza pa ndalama zawo mu 2008. Payokha inatha m'masiku ochepa, koma yosakanikirana ndi mamina inafika masiku 17. Mamina amaiteteza kuti isaume. Choncho mdani wanu weniweni m'nyumbamo ndi kampango kaminira ka bambo, tishu wotayidwa pansi pa bedi, kapu ndi supuni yawo. Zimenezo ndiye muzisamale nazo.

Kwa khanda lanulo, kachilombo kamene ine ndimakaopa kwambiri ndi ka RSV. Kwa munthu wamkulu kamangooneka ngati chimfine wamba, koma kwa mwana wosakwana chaka kamatha kutseka timachubu ta m'mapapo. Pa tebulo kapena pa zoseweretsa zolimba kamakhala mpaka maola 6, pakhungu mphindi ngati 20. Kameneka, pamodzi ndi mavairasi a chimfine wamba, kamayenda bwino kudzera m'manja. Tonse tikudziwa kuti agogo akafika adzafuna kumunyamula mwana asanavule n'komwe nsapato, ndipo oyandikana nawo nyumba adzabwera kudzalonjera alendo n'kumapatsirana mwanayo. Ikani beseni, jagi ndi sopo poonekera. Sopo amaphwasula chikuto chamafuta chimene fuluwenza, korona ndi RSV zili nacho. Mavairasi ena a chimfine wamba alibe chikuto chimenecho ndipo sanitayiza sawagwira bwino, koma madzi ndi sopo amawakokolola. Ndikudziwa kuti kwathu kuno mpopi umatha masiku osadontha ndipo madzi a pa mjigo amabwera ndi thukuta. Ngati ndowa ndi imodzi, ipite kumanja, osati kokolopa makoma.

Tsopano pamene ndikufuna mutchere khutu. Mu April 2021 bungwe la zaumoyo la CDC la ku America linawerengera kuti munthu akagwira malo amene pali korona, mwayi woti adwale sufika ngakhale 1 pa 10,000. Pamafunika kuti tizilombo tikhale tambiri, tikhale tili moyo, timatirire kuchala, kenako chalacho chipite m'maso, m'mphuno kapena m'kamwa. Njira ya mpweya ilibe zokhota zonsezi. Wodwala akamatsokomola, kuyetsemula, kuimba, ngakhale kungolankhula, amatulutsa timadontho. Tikuluikulu timagwa pansi pa mtunda wa mita imodzi kapena awiri. Ting'onoting'ono tosaoneka timayandama ngati utsi wa mbaula m'chipinda chotseka, umene umafika ngodya zonse ndipo umatsalira ngakhale mbaula mwaitulutsa.

Kafukufuku wa mu March 2020 uja anapeza korona ili moyo mu mpweya patatha maola 3, ndipo apo ndi pamene analekezera kuyesa, osati pamene inathera. Theka lake linkafa pa ola limodzi ndi mphindi pang'ono. Akatswiri ena anaunika timadontho toyandamato ndi kuwala kofanana ndi dzuwa la masana m'chilimwe: tizilombo 90 pa 100 tinafa pa mphindi 8. Mumdima zinatenga pafupifupi maola 5 kuti zifike pomwepo. Kusiyana kwake ndi kumeneko pakati pa benchi yanu ya pamsika, pomwe pali dzuwa ndi mphepo, ndi kachipinda kotseka ka kumbuyo.

Ife a makwaya nkhani iyi itikhudze. Pa 10 March 2020 anthu 61 a kwaya ya ku Skagit County, m'boma la Washington ku America, anakumana kuyeserera nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Mmodzi anali ndi zizindikiro za chimfine. Anthu 53 anadwala korona, awiri anamwalira. Palibe chogwirira chitseko chimene chingadwalitse anthu ochuluka chotero usiku umodzi. Unali mpweya umene ankapumirana.

Koma katswiri pa nkhani yotsalira mu mpweya ndi chikuku. Kachilombo kake kamakhalabe m'chipinda mpaka maola 2 wodwala atatulukamo, ndipo mwa anthu 10 osabayitsa katemera amene akhala naye pafupi, mpaka 9 amatenga. Sitinaiwale mliri umene unayambira m'boma la Mutasa ku Manicaland, kuno ku Zimbabwe, mu April 2022, umene unapha ana oposa 700 chakacho. Khanda lanu silinafike pa miyezi 9 yolandirira katemera woyamba wa chikuku, ndiye mukamva kuti kwinakwake kuli mwana wa zidzolo ndi kutentha thupi, musapite nalo, ngakhale atakuuzani kuti wodwalayo wangotuluka kumene.

Harare ali pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, ndipo June ndi July amaluma. Mpweya wozizira komanso wouma umasunga fuluwenza nthawi yotalikirapo, koma vuto lalikulu ndi khalidwe lathu kukazizira. Timatseka mazenera onse, n'kutsekera ndi nsanza pansi pa chitseko. Mu kombi yochokera pa siteji ya Copacabana madzulo, anthu anayi pa mzere uliwonse, yesani kutsegula zenera muone mmene amene ali kumbuyo kwanu angakuyang'anireni. Ine ndimatsegulabe kampata ka zala ziwiri, andinene. Anthu amati mphepo ndi imene imadwalitsa chimfine, pomwe chimfinecho chili mu mpweya wofunda umene akuusungawo. Ndipo poti tatchula zotseka mazenera: magetsi akazima, mbaula isagone m'nyumba. Mpweya wa makala umapha anthu ali m'tulo, ndipo sununkha.

Za chipinda cha bambo, musawerenge masiku kuchokera pa makoma, werengani kuchokera pa mwini wake. Munthu wa fuluwenza amayamba kupatsira ena kutatsala tsiku limodzi kuti zizindikiro zioneke, amapatsira kwambiri masiku 3 kapena 4 oyambirira, ndipo amatha kupitiriza mpaka masiku 5 kapena 7. Ana ndi anthu ofooka m'thupi amapitirira pamenepo. Bambo akadali m'masiku amenewa, agone kwaokha ngati malo alipo, avale masiki akamabwera pabalaza, ndipo moni wa apongozi ukhale wa pakhonde, atatalikirana.  Akachira, tsegulani zenera ndi chitseko moyang'anizana kuti mphepo idutse kwa maola angapo, chapani zofunda ndi sopo wamba n'kuziyanika padzuwa, pukutani zogwirira zitseko, maswichi, rimoti ndi foni. Tsiku lomwelo chipinda chakonzeka. Jik kamodzi patsiku pa malo ogwiridwagwiridwa ndi wokwanira. Musamusakanize ndi mankhwala otsukira chimbudzi, chifukwa amatulutsa mpweya woipa umene ungapweteke mapapo a mwana kuposa chimfine chimene mukuthawacho. Pa matimati ndi masamba asafikepo n'komwe.

Madolawo alekeni, angauluke ndi mphepo. Mukatha kuwerenga ndalama sambani m'manja musanadye kapena kuyamwitsa, basi.

Kunena zoona, apongozi anu malo amene angatengeko chimfine mosavuta si kwanu, koma m'basi. Ulendo wodzera ku Tete ndi Nyamapanda ndi wautali, mazenera amakhala otseka usiku, ndipo pa anthu ambiri chotero sipalephera wotsokomola. Aimbireni foni asananyamuke kuti agule masiki angapo ndipo apemphe mpando wa kuzenera. Akafika ndi kachifuwa, mdzukulu ayambe amuonera patali masiku oyambawo, ngakhale ziwawe mumtima. Munthu wa shuga chimfine chimamugwira mwamphamvu ndipo shugayo amasokonekera, choncho akayamba kutentha thupi apite kukiliniki msanga, atatenga mankhwala awo ndi buku la kuchipatala.

Bambo akapitirira masabata 2 akutsokomola, makamaka ngati akutuluka thukuta usiku kapena kuonda, akayezetse makhololo. Chifuwa chachikulu si vairasi koma bakiteriya, sichifala kudzera m'makapu kapena m'mbale, koma chimayandama mu mpweya wa m'chipinda kwa maola angapo. Khandalo muziliyang'ana pachifuwa likagona phee. Likamapuma ka 50 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, pansi pa nthiti pakamalowa m'kati, likamakana bere kapena kutentha thupi, musadikire kuti kuche.