Hymer yakale ya dizilo yochokera ku Germany: ndigule kapena ndiisiye?

Achimwene ena omwe amakhala ku Leeds ku Britain andilembera imelo, funso lawo ndilifupikitse chonchi. Apeza galimoto yokhala ndi nyumba mkati, zija azungu amapita nazo ku holide nkumagona momwemo, Hymer S660 ya 1987 yomangidwa pa Mercedes 409D ya dizilo. Mwini wake anaitenga ku Germany nde chiwongolero chili kumanzere. Akufunsa kuti mkatimo muli chani kuti anthu azizikonda chonchi, nanga injini ya zaka zonsezi ingadalirike, komanso ngati tsiku lina atapuma ntchito angaitumize kumudzi nkumazungulira nayo kunyanja.

Achimwene, zikomo kwambiri polemba. Ine galimoto zimenezi ndimazikonda zedi, koma ndikuuzirenitu kuti injiniyo si imene muiope. Muope madzi, dzimbiri ndi kulemera kwake.

Tiyambe ndi injiniyo kuti mtima ukhale pansi. Mu 409D muli injini yotchedwa OM617, ya malita 3, masilinda 5, mahosipawa 88 basi. Ndi banja lomwelo la injini za ma Benz akale aja a W123, ma 240D ndi 300D, omwe anagwira ntchito ya taxi mmaiko ambiri muno mu Africa mpaka bodi kutha injini ikadali kulira. Mulibe kompyuta, pampu ya mafuta ndi ya Bosch yoyendera zitsulo zokhazokha, ndipo taiming'i yake ndi ya tcheni osati lamba. Makaniko aliyense amene anakulira pa ma Benz akale akaimva kulira amaidziwa. Mukapita kukaiona muwauze asailize inu musanafike, mukagwire injini ndi dzanja kuti ndi yozizira, kenako mulize nokha. Kautsi koyera ka masekondi ochepa si nkhani, koma utsi wa buluu wosatha kapena kuvuta kulira nde pali ndalama pamenepo. Chimene muvomereze ndi choti siithamanga. Mahosipawa 88 kukoka nyumba yonseyo, pa motorway mudzayenda cha mma 90 km pa ola, pachitunda mudzatsitsa giya malole nkumakupitirirani, ndipo phokoso mudzalimva chifukwa injini ili pompo pafupi ndi mawondo anu. Ngati ndinu munthu wa phuma galimotoyi si yanu.

Tsono nyumbayo, apa mpamene pali kukoma. Hymer ndi kampani ya ku Bad Waldsee kummwera kwa Germany, ya Erwin Hymer, ndipo Hymermobil yoyamba inatuluka mu 1971. Mtundu uwu iwo amangotenga chasisi ndi injini kwa Mercedes, bodi yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo amamanga okha, nchifukwa chake mukakhala kutsogolo mumaona galasi lalikulu ndipo malo a dalaivala ali mbali ya chipinda chochezera. Pamwamba pa mipando ya kutsogolo pali bedi lobisika kudenga, usiku mumapinda mipando nkulikoka ndi manja awiri limatsika lokha pang'onopang'ono ndi zofunda zake zomwe, mmawa mumangolikankhira mmwamba basi malo abwerera. Makabati ake amatsekeka bwinobwino mpaka lero, mukatsegula mumaona kuti amene anapanga sankathamangira kuweruka. Muli sitovu ya gasi, sinki, thanki ya madzi abwino ndi ina ya madzi akuda, kabafa kokhala ndi shawa ndi chimbudzi, hita ya gasi ya Truma yomwe imatenthetsa mkati ngakhale kunja kukugwa sinowo, ndi filiji ya Electrolux yoyendera njira zitatu, batire mukamayenda, magetsi a 230V mukaima pa kampu, ndi gasi mukakhala kutchire. Filiji imeneyi ilibe kompresa nde siimveka nkomwe usiku, koma imafuna galimoto iime mowongoka, ikapendekeka siiziziritsa.

Nde madzi aja. Makoma a Hymer ndi a aluminiyamu ndi thovu lolimba pakati, iwo amati PUAL, ndipo saola msanga ngati a makampani ena omwe ankaika matabwa mkati mwa khoma. Koma pansi pake ndi pulayiwudi, ndipo mphira wa mmawindo ndi wa timazenera ta kudenga pofika pano unauma kalekale. Madzi akalowa amayenda mwakachetechete zaka ndi zaka. Mukalowa muyambe mwanunkhiza, fungo la nkhungu silibisika ngakhale apopere perefyumu. Tsegulani makabati onse a mmwamba muyendetse chala mmakona, kwezani makushoni muone pansi pake, pondani mwamphamvu pakhomo ndi mozungulira bafa, pakamabonyoka ngati buledi dziwani kuti pansi paola. Gulani kamita koyezera chinyezi, nkotchipa poyerekeza ndi zomwe kangakupulumutseni. Kenako mugone pansi ndi tochi muone chasisi, pomwe masipuling'i agwira, mapaipi a mabuleki, chifukwa ku Germany ndi ku Britain komwe amathira mchere mumsewu nthawi yozizira ndipo mcherewo umadya chitsulo. Injini mungaikonze, mungapeze ina, koma nyumba yoola ndi chasisi chodyeka zimadya ndalama kuposa mtengo womwe munagulira. Galasi la kutsogolo lija muliyang'anitsitsenso, si la Mercedes ndi la Hymer, likasweka kulipeza nkovuta komanso nkodula.

Gasi musachite naye masewera chonde. Zipangizo za gasi zakale za ku Germany zambiri zimayendera presha ya 50 mbar pomwe zatsopano ndi 30 mbar, ndipo mabotolo a kumeneko sagwirizana ndi a kampani ya gasi ya Calor omwe muli nawo uko, nde osangogula regyuleta iliyonse nkumanga. Apime munthu wodziwa, asinthe mapaipi a mphira, ndipo muike alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha uja wosanunkha, musanagonemo ndi ana ngakhale usiku umodzi. Matayala onani chaka chake pambali paja pali manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, chifukwa galimoto izi zimangokhala ndipo tayala limaoneka lamano koma litang'aluka. Kumbuyo kuli awiriawiri, a mkatiwo anthu amawaiwala.

Laisensi yanu muione lero lomwe. Ma 409D ambiri analembedwa makilo 4,600, pomwe laisensi wamba ya B ku Britain imathera pa 3,500, ndipo amene anakhoza kuyambira 1 January 1997 amafunika laisensi ya C1 kuti ayendetse yolemera chonchi. Onaninso kuti ili ndi V5C, chikalata cha galimoto chochokera ku DVLA, ofesi yolembetsa magalimoto ku Britain, kusonyeza kuti mapepala olowera mdziko anakonzedwa onse, komanso kuti nyali zinasinthidwa zisamathobwe anzanu. Ku London ndi ku Birmingham dizilo yakale amailipiritsa tsiku lililonse ikalowa mtauni, pokhapokha itakwana zaka 40 nkulembetsedwa ngati galimoto ya mbiri yakale, yanuyi siili kutali nazo.

Zoitumiza kumudzi, mtima wanga ukufuna koma ndikuuzeni zoona. Injiniyo ingakhale mosavuta kwathu. Chovuta ndi chiwongolero cha kumanzere pa msewu ngati M1 wa ku Malawi, mukafuna kupitirira lole simuona kutsogolo mpaka wapambali akuuzeni, ndipo chitseko cha nyumbayo chili kumanja kutanthauza kuti ana azitsikira mbali ya msewu. Kumbuyo kwake nkotalika kupitirira matayala nde pa msewu wafumbi wa zigwembe izikhula pansi, ilibe eyakoni, ndipo filiji ija kutentha kwa ku Mangochi mu October imafooka. Galimotoyi inapangidwira kuzizira kwa ku Ulaya, mphamvu zake zonse zili pa kusunga kutentha mkati.

Nde ngati mwaipeza youma, chasisi chili bwino ndipo C1 muli nayo kapena mwakonzeka kukaitenga, igulani achimwene, muyende nayo ku Yorkshire Dales ndi ku Scotland ndi banja, zakumudzi mudzaziganiza mutaidziwa bwino. Musungeko ndalama pambali ya matayala, mabuleki ndi gasi chaka choyamba. Mukakaiona munditumizire zithunzi za pansi pake ndi za mmakona mwa makabati, ndidzakuuzani zomwe ndikuona.