Chomwe chinasokoneza kadyedwe ka ophunzira nthawi ya Covid-19

Mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani ophunzira ambiri a ku yunivesite anasintha kadyedwe masukulu atatsekedwa, ena mpaka kunenepa. Chomwe chinayamba kusokonekera ndi ndondomeko ya tsiku, chakudya chinangotsatira.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse, makalasi anasamukira pa intaneti, pa Zoom ndi Google Meet. Kale wophunzira ankadzuka, kusamba, kuyenda wapansi kupita m'kalasi, nthawi ya nkhomaliro n'kumadziwika. Tsopano kalasi ya 8 koloko ankailowa ali m'bulangeti, kamera atazimitsa, m'mimba muli pululu. Njala inkadzamupeza masana, ndiye ankangotolatola chilichonse chomwe chili pafupi mpaka usiku.

Nkhani ya tulo ambiri saiganizira. Kuwala kwa foni usiku kumachedwetsa melatonin, homoni yobweretsa tulo. Munthu akamagona maola osakwana 7, ghrelin yomwe imautsa njala imakwera, pomwe leptin yomwe imauza ubongo kuti wakhuta imatsika. Nkhawa ya mayeso ndi matenda imakwezanso homoni ya cortisol, mtima n'kumangofuna zotsekemera ndi zamafuta.

Kagulidwe nakonso kanasintha. Ukamapita kogula kamodzi pa sabata, masamba amafota pa tsiku lachitatu, ndiye anthu ankasankha zosawonongeka msanga: manudozi, mabisiketi, zakumwa zoziziritsa kukhosi. Chitini chimodzi cha 330 ml chimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, pomwe malire a munthu wamkulu ndi magalamu 50 pa tsiku. Paketi imodzi ya manudozi, ukathira kasupu kake konse, imatha kupyola theka la magalamu 5 a mchere omwe WHO imalola.

Sikuti onse ananenepa ayi. Omwe anabwerera kwa makolo ena anayamba kudya bwino kuposa kale, pomwe omwe ankadalira ganyu anaonda chifukwa chogona ndi njala.

Ngati chizolowezicho chinakanirira, yambani ndi kudzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale Loweruka. Idyani katatu pa nthawi yake, mbale ili patebulo, osati pambali pa laputopu, chifukwa maso akakhala pa sikirini simudziwa kuti mwakhuta. Gulani kabichi, karoti, nyemba ndi mazira, zomwe zimakhalitsa, ndipo yesetsani kufikako magalamu 400 a masamba ndi zipatso pa tsiku. Yendani ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Khofi kapena zakumwa zopatsa mphamvu musamwenso ikakwana 2 koloko masana, apo ayi tulo lichedwanso.