"Nkhalamba ija ilipo?" Yankho kwa mnyamata wa ku Chibavi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Ntcheu amene wangoyamba ntchito kuno ku Mzuzu. Akuchita lendi ku Chibavi, ndipo tsiku lina anafunsa mwana wa eni nyumba za mayi ake kuti, "Nkhalamba ija ilipo?" Chifunsireni, pakhomopo akumuyankha moni monyinyirika. Akufuna kudziwa chimene analakwa ndiponso mawu oyenera kutchulira anthu achikulire.

Achimwene, munalakwadi, ndipo munalakwa kawiri. Mawu akuti nkhalamba amachokera ku mneni woti kukalamba, ndipo paokha si chitukwano. M'nthano timamva za nkhalamba, pa wailesi amanenanso za nkhalamba zosowa thandizo. Vuto lili pa mgwirizano wake. Nkhalamba ili m'gulu limodzi la mayina ndi mbuzi, nkhuku ndi nyumba, choncho imakoka "i" ndi "ya": nkhalamba yafika, mbuzi yafika. Khutu la mwini kholo limamva zimenezo msanga. Ulemu wa Chichewa umakhala pa "a": agogo afika, agogo aja alipo? Inu munatchula mayi wa munthu ndi mawu ofotokoza thupi lotha mphamvu, kenako n'kuwachotseranso "a" wawo.

Zimaipiratu mukawonjezera ka- kapena chi-. Kankhalamba, kagogo, chimdala, timadala: awa ndi mawu onyoza basi, ngakhale muwanene mukumwetulira. Chimodzimodzi "iwe" m'malo mwa "inu", kapena "bwera" m'malo mwa "bwerani". Kondakitala wa minibasi pa depoti akati "agogo khalani apa" walemekeza, koma akati "gogo iwe sendera" watukwana, pomwe dzina ndi lomwelo.

Tsono pali mdala ndi madala, amene achinyamata amawakonda. Tsinde lake ndi -dala la Chizulu, kutanthauza chakale kapena wamkulu. Mawuwa anamveka kwambiri m'kamwa mwa anthu obwerera ku migodi ya ku Johannesburg, aja ankapita pa Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya ku migodi, mpaka boma litaletsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako pa TEBA, bungwe limene linalowa m'malo mwake. Kuno kumpoto, Mzimba ndi Nkhata Bay anatumiza amuna ambiri kumeneko, ndipo ena osabwerako msanga ankatchedwa matchona. Lero mnyamata akati "madala anga" akunena bambo ake, ndipo "masteni" ndi mayi ake. Pakati pa anzanu palibe cholakwika. Wakabaza wa ku Zigwagwa akhoza kuitana kasitomala waimvi kuti "amdala", zikatheka bwinobwino. Koma musayerekeze kunena "madala" kwa apongozi, kwa mkulu wa mpingo kapena pa bwalo la mfumu. "Abigi" ndi "bigimani" sanena za zaka konse, amanena za thumba. Munthu wazaka 30 wokhala ndi galimoto ndi abigi, pomwe agogo ogulitsa nthochi pa Katoto sadzamva dzinalo. Chidyamakanda ndiye musalitchule n'komwe pofuna kunena bambo wachikulire, chifukwa ndi mwamuna wamkulu wonyenga atsikana aang'ono.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mawu okoma tili nawo ambiri, koma akutha m'kamwa mwa ana athu. Amvulazakale ndi munthu amene waona mvula za zaka zambiri, ndipo dzinali limawerenga zimene munthu wadutsamo. Mkhalakale ndi amene wakhalitsa pamalo ndipo amadziwa malire a minda ndi mbiri ya manda. Ntchembere ndi mayi woti anabereka ndipo amadziwa za uchembere. Namkungwi ndi mlangizi wa chinamwali. Ngakhale mwambi uja woti galu wamkota sakandira pachabe umaika nzeru pa ukalamba. Ife tasankha kugwira wina uja woti tsabola wakale sawawa, n'kumautaya pamaso pa makolo akatilangiza.

Ndipo pali dzina limodzi limene limapha anthu: mfiti. Mayi akangokalamba, maso n'kufiira ndi utsi wa nkhuni, n'kumayankhula yekha chifukwa cha matenda oiwalaiwala, anthu amayamba kunong'ona. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa ataganiziridwa ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, omwe boma limawawerenga kuyambira zaka 60. Bungwe la MANEPO, lomenyera ufulu wa anthu achikulire, lakhala likudandaula za nkhanzazi kwa nthawi yaitali. Ine ndimakhulupirira kuti mwana wozolowera kunena "chinkhalamba chija" savutika kudzanena "chimfiti chija", popeza munthuyo anamuchotsa kale umunthu ndi pakamwa.

Za ku Mzuzu kuno

Pakhomo pamene mukukhalapo mwina amayankhula Chitumbuka. Kwa iwo agogo ndi agogo ndithu, asekuru ndi agogo aamuna, abuya ndi agogo aakazi, ŵalala ndi akuluakulu, ndipo muchekuru ndiye wofanana ndi nkhalamba, choncho musamuloze nalo munthu. Adada ndi amama amagwira ntchito kwa wamkulu aliyense, ndipo "inu" wawo ndi "imwe". Kwanu ku Ntcheu agogo mumawadziwa kale. Madera ena amati ambuye, kum'mwera mumvanso anganga. Koma wina akati Gogo Chalo, dziwani kuti akunena mfumu.

Chenjeraninso ndi kuthamangira "agogo". Mayi wazaka za m'ma 50 amene alibe mdzukulu akhoza kukhumudwa nalo. Mukakayika, nenani amayi kapena abambo, ndipo polemba kalata kapena poyankhula pagulu nenani achikulire kapena akuluakulu.

Mawa m'mawa gulani paketi ya shuga, mupite pakhomo pawo, munjute pang'ono, mupereke ndi manja awiri n'kunena kuti, "Monire amama, mwawuka uli?" Kwa mwana wawo uja muuzeni mwachidule kuti pakamwa panaterereka, pepani. Kuyambira pamenepo muzifunsa kuti, "Agogo alipo?"