Driver Imodzi Yoyang'anira FPGA Yonse? Ayi Ndithu

Wowerenga wina wandilembera imelo. Ali ndi bolodi ya Zynq-7000 (chipu ya kampani ya Xilinx yokhala ndi purosesa ndi FPGA pamodzi) yoyendera Linux, ndipo akufuna kulemba driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) imodzi yogwira zonse za mu FPGA, gawo la chipu limene mungasinthe kalumikizidwe ka mkati mwake, ngakhalenso kusintha bitstream, fayilo yokonza kalumikizidweko, makina ali chiyakire. Akufunsa ngati ili nzeru. Achimwene, mwandikumbutsa za mutu wopweteka.

Ndinapatsidwapo ntchito imene ena anaisiya ili chimodzimodzi. Driver imodzi yonenepa, ma ioctl (malamulo apadera amene mapulogalamu amatumiza kwa driver) osawerengeka, ndipo bitstream ankangoiponya ndi cat ku /dev/xdevcfg, njira imene kernel (phata la Linux) ya Xilinx inkapereka nthawi imeneyo. Zinkayenda bwinobwino mpaka wina atasintha bitstream driver ili mkati mowerenga register (kamalo kosunga nambala m'chipangizo). Bolodi inkangoti zii. Kernel panic osaoneka, pa serial console osatuluka ngakhale chilembo chimodzi, LED imene inkaphethira ija n'kuima. Anthu anakangana za magetsi, anasintha mawaya, wina anaika fani pamwamba pa chipu poganiza kuti ikutentha. Koma nkhani inali yakuti purosesa yatumiza pempho pa basi ya AXI, njira yolumikiza purosesa ndi FPGA, kupita ku dera limene pa nthawiyo lafufutika. Woyankha palibe, ndiye imangodikira mpaka watchdog (kachipangizo koyatsanso makina akaima) iidzutse kapena munthu azule pulagi.

Apa m'pamene ndimaumirira. Chipangizo cha USB kapena cha PCIe chimadzitchula chokha chikalumikizidwa, kernel n'kudziwa. Cha mu FPGA sichinena kanthu. Pa adiresi yomweyo lero pali chipangizo cha UART, mawa pali cha DMA, ndipo kernel ikhulupirirabe zimene device tree, fayilo yofotokoza zipangizo za pa bolodi, inaiuza poyaka. Choncho FPGA muziiona ngati malo amene zipangizo zimabwera n'kuchoka, ndipo chipangizo chilichonse chikhale ndi driver yakeyake. Amene amaunjika zonse pamodzi akusiyira mavuto amene adzabwere pambuyo pake, ndipo sindisintha maganizo pamenepa.

Chondiwawa n'chakuti njira yabwino ilipo kale. FPGA Manager, gawo la kernel limene Alan Tull analemba ali ku Altera, kampani ina yopanga ma FPGA, linalowa mu Linux 4.4 mu 2016. Mu 2017, Linux 4.10 inabwera ndi bridge komanso region. Manager ndi amene amalemba bitstream, bridge amatseka basi kuti purosesa isagogode pa khomo lopanda munthu, ndipo region amamanga ziwirizi pamodzi. Intel inagula Altera mu 2015, AMD n'kugula Xilinx mu 2022, koma dongosololi likutumikirabe zipu za mbali zonse. Chimene chimandikwiyitsabe ndi overlay, kachidutswa kowonjezera pa device tree makina ali chiyakire: njira yoilowetsera kudzera pa configfs mumaipeza m'ma kernel a ogulitsa zipu, aliyense ndi zigamba zake, moti mukafuna kusamukira ku mainline, kernel yeniyeni ya Linux, mumayamba mwatuluka thukuta.

Ndiye mutani?

Mu device tree ikani node ya fpga-region yoloza kwa manager ndi ma bridge ake. Bitstream ikhale mu /lib/firmware, ndipo overlay iitchule pa firmware-name pamodzi ndi zipangizo zimene ikubweretsa. Musanaike yatsopano, chotsani overlay yakale kuti ma driver atsike kaye. Ngati dera lanu ndi ma register ochepa ndi interrupt imodzi, UIO, njira yoyendetsera chipangizo kuchokera mu pulogalamu wamba kunja kwa kernel, ikukwanirani. Mukamaliza, werengani state mu /sys/class/fpga_manager/fpga0. Ikati operating, bitstream yalowa.